Njati ya M'botolo

Chimene chinabedwa chinali kabotolo kosaposa chala cha mkombaphala, koma mwini wake ankadandaula ngati waferedwa mudzi wonse.

"Njati, a Sajeni. Mtundu wonse wa njati," anatero Dokotala Ellard Longwe akuloza m'filiji yotsekula. "Inafa koyamba makolo athu asanabadwe. Lero yaphedwanso kachiwiri ndi mtsikana amene ndinachita kumutola ine mwini, digiri ili m'chikwama, ntchito alibe."

Sajeni Nester Malunga anasuzumira m'filijimo. Munali kashelefu kopanda kanthu ndi mphepo yozizira basi.

Nkhani ya njatiyi aliyense ankaidziwa, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwambazi. A Longwe anabwera kuchokera kunja ndi fupa m'bokosi ndi mawu ambiri m'kamwa. Ankati fupalo ndi la njati yaikulu ya nyanga zotambalala imene inatha padziko kalekale, ndipo m'kati mwake anapezamo DNA, kachidindo kamene chamoyo chilichonse chimanyamula m'thupi mwake. Kachidindoko akuti anakaika m'maselo amoyo, maselowo n'kuwasunga m'kabotolo. Ukatapako pang'ono n'kuthira m'thanki yachitsulo, amaswana ngati yisiti mu ufa wa mandasi mpaka kusanduka nyama. Nyama yopanda khola, yopanda mpeni. Nyumba yakale yosungiramo mpunga pafupi ndi mlatho wa Chia anaipaka laimu, n'kuitcha labu.

"Loko sanathyole," anatero Nester.

"Athyolerenji? Makiyi ndi awiri, anga ndi a Zainab. Ine dzulo ndinaswera ku boma, mukhoza kumufunsa dalaivala wanga Faruku. Pobwera madzulo, kabotolo palibe."

"Nanga wakubayo wasankhiranji dzulo?"

"Chifukwa Lolemba kukubwera akatswiri ochokera ku Lilongwe kudzayeza ntchito yanga. Akangotsimikiza, dziko lonse lidzaloza kuno. Adani anga akudziwa zimenezo. Amugula mtsikanayo."

Nester anayendetsa maso m'chipindamo. Thanki inali kunyezimira, yowuma ngati mtsuko wa m'chilimwe. Pakona panali bokosi labuluu la ayezi.

"Kabotoloko kakatuluka m'filiji, za m'katizo zimapirira mpaka liti?"

"Ndi kutentha kwa kunoku? Tiyi wanu asanazizire, zonse zafa."

"Mabokosi a ayezi muli nawo angati?"

"Ndi lomweli."

Nester anayang'ananso bokosilo. Anakulira pakati pa asodzi, ndipo anali asanaonepo munthu wopita ndi chambo ku Lilongwe akuiwala ayezi.

A Longwe anatulutsa foni. "Kuti muone kuti ndi kaduka chabe, onani tsiku limene anthu analawa nyamayi. Awo ndi a Mwalimu Abdulhamid, bambo ake a Zainab yemweyo. Munthu amene sadya ngakhale nkhuku ya pa ukwati ngati sanaizinge yekha. Anadya, a Sajeni. Anatenganso kachiwiri."

Pa kanemayo, nkhalamba ya ndevu zoyera inkatafuna mwapang'onopang'ono. Anthu ankaomba m'manja. Nkhalambayo sinkamwetulira.

"Tabwezaninso," anatero Nester.

*

Zainab anali atagona usiku umodzi m'chitolokosi cha ku boma. Anakhala pa simenti, wopanda nsapato, mpango wake uli wopindidwa bwino pamutu ngati akupita kuntchito. Akuluakulu a pa siteshoni anali atanena kale: Lolemba akaonekere ku khothi. Nester ankadziwa tanthauzo lake. Mlandu wakuba ukangomumata, palibe labu m'dziko muno imene ikanadzamupatsanso kiyi.

"Achemwali, kabotolo kali kuti?"

"Ndikanakhala wakuba ndikanatenga ndi bokosi lomwe," anatero Zainab mosakweza mawu. "Sukulu yonse ija sindinapite kokasewera."

"Munali chiyani m'kabotolomo?"

"Madzi ofiirira. Kupitirira apo sindidziwa. Ankatapa okha, ine n'kundipatsa thanki kuti ndiziyang'anira."

"Ndiye nyama inamera m'thankimo."

"M'thanki mwanga simunamerepo kanthu, a Sajeni, koma chuku. Tsiku limene ankati ndi lokolola anandituma ku Lilongwe kukagula mankhwala. Pobwera ndinapeza thanki yatsukidwa, nyama ili kale kwa ophika."

"Munawafunsa?"

"Anati ndili ndi maso a mwana wasukulu. Dzana ndinawauza kuti akatswiri aja akandifunsa, ndidzanena zimene ndinaona ndi maso a mwana wasukulu omwewo. Dzulo ndinagona muno."

Nester anamuyang'anitsitsa. Akuba ambiri amene anawaonapo ankalira kapena kulumbira. Uyu ankayankha ngati akulemba mayeso. Zimenezo sizinatanthauze kanthu, pakuti ophunzira nawonso amanama, kungoti amanama mwadongosolo.

"Inu munadya nawo nyama ija?"

"Ayi."

"Bambo anu anadya."

Zainab anatembenukira kukhoma. Kanali koyamba kuti mawu ake achedwe.

"Ndinawaona."

"Simunawafunse chifukwa chake?"

"Bambo anga safunsidwa."

*

Mayi Asiyatu ankaphika mpunga ndi nsomba m'kachisakasa ka m'mbali mwa msewu, moyang'anana ndi ogulitsa chambo pa Chia. Ndi amene anaphika nyama ya a Longwe tsiku lolawa lija. Ataona yunifolomu anaimika chikombe m'mwamba.

"Iii, bwana wamkazi! Mwabwera kudzandimanga kapena kudzadya? Ngati n'kumanga, dikirani kaye ndiphule mpungawu, ungapserere pachabe."

"Ndabwera kudzamva za njati."

"Njati yake iti? Ine ndinalandira nyama yogayagaya m'bokosi labuluu, wonyamula Faruku. Ndinathira adyo, tsabola, anyezi, n'kuumba timipira. Nyanga sindinazione."

"Inkanunkhira bwanji?"

"Ngati nyama. Kodi ine njati ya makedzana ndinainunkhizapo kuti, kuti ndisiyanitse?"

"Munalawa pophika?"

"Ine? Chinthu chosazinga?" Mayiyo anadzigwira pachifuwa. "Ndinaphika nkhope ili kumbali, mchere wongoyerekeza. Kumzikiti nkhaniyi inavuta, bwana. Ena amati popeza chinthucho sichinafe, si nyamafu. Ena amati popeza mpeni sunadutse pakhosi, ndi haramu basi. Khosi lake liti, poti chilibe ndi mutu womwe? Ndiye tinagwirizana kuti tipite, koma tikaonere kwa a Mwalimu. Akadya tidya, akakana tikana."

"Ndiye anadya."

"Dikirani, musandithamangitse. Mbale itafika, a Mwalimu manja anaika kumbuyo. Tonse manja kumbuyo. A Dokotala thukuta kamukamu, alendo awo akuyang'anana. Kenaka Faruku akubwera ndi beseni la madzi osamba m'manja. Powathirira a Mwalimu, anawerama n'kuwanong'oneza kanthu."

"Kanthu kanji?"

"Makutu anga ndi aatali, koma osafika pamenepo. A Mwalimu anamuyang'ana Faruku, n'kuyang'ana mwana wawo uko ataima ndi chovala chake choyera. Kenaka timve, Bisimila. Anatenga kamodzi. Ife tinali tikukayikabe, tikumati mwina angolawa mwaulemu. Atatenga kachiwiri, aaa, mbale zinayera ngati zanyambitidwa ndi mphaka."

"Sipanatsale kalikonse?"

"Zainab anapatula timipira tiwiri tisanagawe, akuti ndi mwambo wa kulabu, chilichonse umasungako. Anaika m'filiji yangayi poti ya kwawoko akuti inali ya kabotolo kokha. Tilimobe pansi pa nsomba. Mutitenge, bwana, tikundidyera malo."

Nester anatikulunga bwino n'kupempha ayezi. Ali m'njira anakumbukira Khirisimasi za ku Malengachanzi ali mwana. Iwo anali a mpingo, koma amayi ake sankalola kuti nkhuku iphedwe pakhomo. Ankaitumiza kwa mnansi wa Chisilamu kuti akaizinge, kuti pofika masana aliyense wa pamudzi adye nawo mosakayika. Anthu a kunyanja kuno amakhululuka zambiri, koma kudyetsa mnzako chosazinga sakhululuka. Nanga munthu ngati a Mwalimu Abdulhamid, mawu angati a m'khutu angamusinthe mtima mbale ili kale patsogolo?

*

Faruku anamupeza kuseri kwa labu akutsuka galimoto ya a Longwe. Galimotoyo inali yoyera kale. Iye ankapukutabe kumbuyo konyamulira katundu, makamaka m'makona.

"Dzulo munali ku boma ndi abwana anu?"

"Eya, bwana."

"Tsiku lonse?"

"Lonse, bwana."

"Dzulo linali Lachisanu, a Faruku. Mapemphero a Juma munaswalira m'galimoto?"

Faruku anafinya nsanza yake. "Ndinapita kumzikiti waukulu, bwana. Makiyi ndinawasiyira."

"Pobwera munaipeza pomwe munaisiya?"

"Inali pamthunzi wina. Mwina dzuwa linawavuta."

"Mwina. Injini inali yotentha?"

"Kunoku chilichonse chimatentha, bwana."

Nester anazungulira galimotoyo mosafulumira. Pa kachitsulo komangirira chingwe panakodwa tiubweya tofiirira tochepa. Anatitola n'kutiyang'ana padzuwa. Faruku ankayang'ana nsanza yake.

"Tsiku lolawa lija, a Mwalimu munawanong'oneza chiyani?"

"Ndinawafunsa ngati madzi atentha kwambiri."

"Munthu n'kumufunsa za madzi, iye n'kuyankha Bisimila?"

Faruku anayambanso kupukuta m'makona muja.

"Mwana wa a Mwalimu wagona pa simenti. Lolemba akupita ku khothi. Inu mumaswali kumbuyo kwa bambo ake."

"Walahi, bwana, ine ndili ndi ana." Mawu ake anatsika, maso akuthamangira pa windo la labu. "Zimene ndinanena ndinanena kwa a Mwalimu. Mawuwo tsopano ndi awo. Kafunseni eni ake."

Pa windopo katani inagwedezeka, ngakhale kunalibe mphepo.

*

A Mwalimu Abdulhamid anali pa mkeka pansi pa mtengo wa mango, mikanda yopempherera ili m'manja koma yosayenda. Nester anamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu, n'kukhala pansi chapatali pang'ono. Analonjerana mokwanira, za thupi, za kunyumba, za kutentha. Za Zainab nkhalambayo sinafunse, ndipo Nester anaona kuti kusafunsako kunkaiwawa.

"A Mwalimu, ine ndine mwana wa ku Malengachanzi. Amayi anga ankakutchulani. Ankati ku Chia kuli munthu amene sadya chimene sanachione khosi."

"Amayi ako ankandikuza, mwanangu."

"Njati ija munaiona khosi?"

Mikanda inagwedezeka kamodzi. Nkhuku inadutsa pakati pawo ikutolatola.

"Apolisi a masiku ano mumafunsa ngati ana," inatero nkhalambayo. "Mosaopa."

"Mwana wanu akuti inu simufunsidwa. Ndiye ndati ndimufunsire ine."

A Mwalimu anaika mikanda pambali. Kenaka anayankhula, maso ali pa mkeka.

"Faruku anabwera kuno m'mawa wina ndi thole la ng'ombe lofiirira m'galimoto. Anati ndi la sadaka ya kwa akazi ake. Ndinalizinga kuseri uko, monga ndimachitira aliyense. Ananyamula nyama n'kupita. Ine sindinaganizire kanthu."

"Mpaka tsiku lolawa."

"Mpaka beseni la madzi. Anati, 'Idyani, Mwalimu, inazingidwa ndi mpeni wanu.'"

Nester anadikira.

"Pambuyo pake anadzandilirira pano. Bwana wake anamutuma kukagula thole kutali, akaliphere kutchire ndi nkhwangwa, chikopa ndi mutu akwirire, nyama akagayitse kumene samudziwa. Koma Faruku anadziwa amene adzadye: apongozi ake, anzake a mumzikiti, ine. Bodza la bwana wake anatha kulinyamula. Kutidyetsa nyamafu ndiye sanathe. Mwana wopusa, koma woleredwa."

"Ndiye inu munadya mukudziwa."

"Ndinayang'ana mwana wanga. Anakhala pakhomo pano ndi digiri yake mvula zingapo, anthu akumuseka kuti anaphunzirira kutsuka mbale. Tsiku limenelo anali ataima pamaso pa alendo, wovala zoyera. Ndikanakana, ntchitoyo ikanathera pomwepo." Anapumira m'mwamba. "Nyamayo inali halali, mwanangu. Bodza ndi limene linali haramu. Ine ndinameza zonse ziwiri."

"Nanga atamangidwa dzulo, bwanji simunabwere?"

"Ndinati apolisi akafufuza sapeza kanthu, amutulutsa. Ukudziwa kuti ndi anthu angati anatsegula pakamwa chifukwa cha ine? Ndikayankhula, ndani adzandibweretserenso mbuzi yake?"

"Sangomutulutsa, a Mwalimu. Makiyi ndi awiri, ndipo mwini kiyi winayo ali ndi chovala choyera ndi Chizungu chambiri. Mawu a mwana wanu okha sakwanira. A Faruku akuopa. Anu, a Dokotala adzati ndi a bambo woikira kumbuyo mwana wake."

"Ndiye wabwereranji, ngati mawu anga ndi opanda ntchito?"

"Kwathu wozinga sabwerera chimanjamanja. Sindikudziwa kuno ku Chia."

Nkhalambayo inamuyang'ana koyamba m'maso. Kenaka inadzuka movutikira, n'kumukodola. Kuseri kwa nyumba, pakati pa khola la nkhunda ndi bafa la udzu, chikopa chofiirira chinali chokhomedwa pansi ndi zikhomo, chitauma gwa, mchira uli pomwepo.

"Nyama ya pakhosi tinadya tsiku lomwelo," anatero a Mwalimu. "Ichi ndimati chidzakhale mkeka woswalirapo."

*

A Longwe anali atavala chovala chawo choyera pamene Nester analowa m'labu. Kumbuyo kwake kunali a Mwalimu, chikopa chili paphewa. Sanalole kuti wina awanyamulire. Anachiyala pa tebulo lachitsulo lonyezimira, ndipo fungo la khola linadzaza chipinda chonse.

"Ichi n'chiyani? Muno ndi mosalowa zauve!"

"Njati yanu, a Dokotala," anatero Nester. "Inaiwala malaya kwa a Mwalimu."

"Mwayamba nthabwala, a Sajeni? Chikopa cha ng'ombe chilichonse mungatole m'mudzi..."

"Zoona. N'chifukwa chake sindikufuna kuti mukhulupirire ine." Anaika pambali pa chikopacho kaphukusi ka ayezi, n'kukamasula. Timipira tiwiri tinali gwa, adyo akumvekabe. "Izi ndi zotsala za tsiku lolawa lija. Mayi Asiyatu azizindikira, ndi manja awo. Mumatiphunzitsa nokha kuti chamoyo chilichonse chili ndi kachidindo kake. Akatswiri anu akubwera Lolemba ndi makina awo. Kabotolo sakapeza, koma sabwerera chabe. Ayeza nyamayi, ayeza chikopachi, ayezanso tiubweya ta m'galimoto yanu. Ngati ndi njati ya makedzana, ndidzakupepesani pamaso pa anthu."

A Longwe sanayang'ane chikopa, sanayang'anenso timipirato. Anayang'ana pa windo, kumene Faruku anaima ndi nsanza yake m'manja.

"Chitsiru," ananong'ona. "Ndinamuuza kuti akwi..."

Anadzigwira pakamwa mochedwa.

"Malizani," anatero Nester. "Kapena mukamalizira ku boma. Mukatiuzenso kumene galimoto inapita dzulo anthu ali ku Juma. Ine ndikuganiza kuti kabotolo kali pansi pa mlatho wa Chia, ndipo nsomba sizinapezemo chakudya chilichonse."

"Simukumvetsa," anatero a Longwe, mawu atasasa. "Zikanatheka. Ndimangofuna nthawi. Anthu sadikira, amafuna alawe kaye."

"Zainab nayenso amafuna nthawi. Munamupatsa simenti."

Faruku analowa yekha, osaitanidwa. Anaika makiyi a galimoto pa tebulo, pambali pa mchira wa thole lija.

"Ndiyendetsa ndine, bwana," anauza Nester. "Njira ya ku polisi ndikuidziwa."

*

Zainab anatuluka dzuwa likadali pamwamba. Anaima pakhonde la siteshoni akuphethira, mapazi ali pa simenti yotentha. Bambo ake anali pansi pa masitepe, atanyamula nsapato zake m'manja. Mkanjo wawo woyera unali ndi ubweya wofiirira paphewa.

Mtsikanayo anagwada n'kulandira nsapatozo ndi manja awiri. Nester anali atamufotokozera zonse m'katimo, ndipo iye anamvetsera osadula mawu, ngati mmene ankayankhira.

"Lachisanu ndikaima mumzikiti," anatero a Mwalimu. "Ndikanena ndekha, asanamve kwa ena."

Zainab anavala nsapato imodzi, kenaka inayo. Anamanga zingwe mosafulumira.

"Baba, ndifunse?"

Nkhalambayo inaweramitsa mutu. "Funsa."

"Koyamba ndamva, munadyera ine. Nanga kachiwiri munatengeranji?"

Nester anayang'ana kumbali, ngati akuwerenga chikwangwani chimene ankachidutsa tsiku lililonse.

"Koyambako anthu anali asanakhulupirire," anatero a Mwalimu.

Zainab anagwedeza mutu pang'ono, monga munthu amene wapeza yankho limene ankaliyembekezera koma sankalifuna. Anadzuka n'kusasa fumbi m'mawondo.

Ananyamuka kulowera kumsewu wa ku Chia, bambo patsogolo, mwana pambuyo, monga mwa ulemu wake. Nester anawaperekeza ndi maso mpaka pa mphambano. Mpata umene unali pakati pawo, thole likanadutsapo osakhudza aliyense.